Ana anu ali kuno ku Joni: kalata kwa akuluakulu a FAM

Kwa bambo Fleetwood Haiya, mtsogoleri wa bungwe la Football Association of Malawi (FAM), pamodzi ndi akuluakulu onse a ku Mpira Village ku Chiwembe,

Zikomo akuluakulu, ndapota nanu, ndibwerekeniko khutu. Ine ndine mmodzi mwa ana anu amene tidawoloka Limpopo kudzasaka ya mchere ndi ya sopo. Kwathu ndi ku Ndirande, koma kwa zaka zambiri tsopano ndikukhala ku Turffontein, kummwera kwa mzinda wa Johannesburg. Mkati mwa sabata ndimakhala pa makina osokera. Lamulungu likafika, tikangotuluka m'tchalitchi, ndimasenza thumba la mipira ndi majezi kupita pa paki ina ya m'dera lathu, pomwe ndimaphunzitsa mpira ana a Amalawi anzanga. Satifiketi ya ukochi ndilibe. Ndili ndi wezulo, mipira isanu, ndi ana oposa 20 amene makolo awo amandikhulupirira. Anawa ndi amene andichititsa kugwira cholembera.

Ndiyambire pa Orlando Stadium. Mu Sepitembala 2021 Flames idakumana ndi Mozambique pa masewero olimbirana malo ku World Cup, ndipo pa pepala padalembedwa kuti Malawi ili pakhomo. Pakhomo pakepo padali ku Soweto. Bungwe la CAF, loyendetsa mpira mu Africa, lidakana mabwalo athu, ngakhale Bingu National Stadium yomwe, moti timu ya dziko idachita kubwereka bwalo la eni ake. Richard Mbulu adamwetsa chigoli chimodzi chomwe chidatipatsa chipambano. Ife tidali pafupi zedi, mtunda wongokwera minibasi, koma zipata zidali zotseka chifukwa cha Covid-19, ndiye tidatsatira masewerowo titaunjikana pa foni m'chipinda cha mnzathu. Kenaka idabwera Ivory Coast n'kutikwapula 3-0 pabwalo lomwelo, Cameroon nayo 4-0. Tsiku la Mozambique lija, mnyamata wina wa m'timu yanga, wobadwira konkuno, adandifunsa m'Chizulu kuti, "Malume, timu ya kwanu ikusewereranji kwathu?" Ndidamuuza kuti kumeneko ndi kwawonso, bambo ake ndi a ku Mangochi, mayi ake a ku Machinga. Adangondiyang'ana osayankha. Za bwalo ndidaziiwala msanga, koma liwu loti "kwanu" lija lidandikhala pamtima mpaka lero.

Ndikudziwa kuti mabwalo akuluakulu ndi a boma, si anu. Ndikudziwanso kuti nthawi imeneyo inu bambo Haiya mudali musanakhale pampando. Sindikuloza munthu chala. Ndikufuna tikambirane za ntchito imodzi imene palibe wina angaigwire koma inu nokha.

Koma poyamba ndiloleni ndikumbutse kumene tachokera, pakuti mbiri ya bungwe lanu ine ndidaimva pakhonde, kwa malemu bambo anga. Bungweli lidakhazikitsidwa mu 1966, chaka chomwe Malawi adasanduka ripabuliki, ndipo pasanapite nthawi lidalandiridwa ku FIFA ndi ku CAF. Bambo ankakonda kunena kuti bwalo lomwe ife tinkalitcha Kamuzu Stadium iwo adalidziwa lili Rangeley. Ankati akayamba kukamba za 1978, nsima inkazizira m'mbale. Chaka chimenecho Flames, pansi pa mphunzitsi Ted Powell, idatenga chikho cha East and Central Africa Senior Challenge pakhomo itagonjetsa Zambia. Chaka chotsatira idakachitchinjiriza ku Kenya, pamaso pa eni dziko. Maina ankawatchula ngati akutchula abale awo: Kinnah Phiri, Jack Chamangwana, Boniface Maganga, Barnet Gondwe, Young Chimodzi. Mu 1984 tidapita koyamba ku chikho cha Africa ku Ivory Coast, komwe Algeria idatipatsa 3-0, tidalepherana ndi Nigeria 2-2, Ghana n'kutiposa ndi chigoli chimodzi. Mu 1987 tidabwera ndi mendulo ya bronze kuchokera ku All Africa Games ku Nairobi, ndipo mu 1988 chikho cha East and Central chidagonanso kwathu. Dziko losauka, lopanda ligi ya ndalama, koma anansi athu ankagona tulo tochepa akamva kuti akukumana ndi Malawi.

Kenaka kudagwa chilala. Mu 2002 ndi mu 2003 tidafika mu fainolo ya COSAFA, mpikisano wa maiko a kummwera kwa Africa, koma chikho chidatidutsa pakamwa kawiri konse. Padatenga zaka 26 kuti tibwererenso ku chikho cha Africa. Pa 11 Januwale 2010 ndidali kale kuno. Russell Mwafulirwa, Elvis Kafoteka ndi Davi Banda adabweza ngongole ya 1984 ku Luanda, 3-0 yomweyo, kwa Algeria yomwe idali kukonzekera kubwera ku World Cup kuno ku South Africa. Kinnah, amene bambo anga ankamutama ngati womwetsa zigoli, tsopano adali pa benchi ngati mphunzitsi. M'mawa mwake ku ntchito, anthu omwe masiku onse ankandiitana ndi maina aja amatipatsa ife obwera adayamba kundigwira chanza. Tsiku limenelo ndidayenda mumsewu wa Joni mutu uli m'mwamba. Musamapeputse zimene mpira umachitira munthu amene ali kutali ndi kwawo.

Bambo Walter Nyamilandu adatsogolera bungweli kuchokera mu 2004 mpaka 2023. Anthu amawakamba mosiyanasiyana, ndipo zaka 19 pampando umodzi ndi zambiri kwa munthu aliyense. Komabe m'nthawi yawo tidapita ku chikho cha Africa kawiri, ku Chiwembe kudamangidwa, ndipo mu 2018 adagonjetsa a Danny Jordaan, mtsogoleri wa SAFA, bungwe la mpira la kuno ku South Africa, pa chisankho cha mpando wa mu FIFA Council. Kuno nkhani imeneyo idamveka kwambiri. Inu mudalandira udindo ku Mzuzu mu Disembala 2023 ndi mavoti 23 kwa 13, mutalonjeza kusintha kayendetsedwe ka masewerowa. Ife a kunja sitiponya nawo voti, ndipo sindikupempha voti. Ndikungoti lonjezo lanulo lidawoloka malire, tidalimva, ndipo tidaliika pamtima.

Anthu ambiri amaganiza kuti FAM ndi Flames basi: timu ikapambana bungwe ndi labwino, ikagonja kochi achoke. Ine ndidayamba kuona mosiyana nditayamba kusunga ana. Ligi yaikulu imayendetsedwa ndi bungwe la Super League of Malawi (SULOM). Osewera ndi a makalabu. Mabwalo ambiri ndi a boma ndi makhonsolo. Ndalama za zikho zimachokera ku makampani. Nanga chimene chili cha FAM yokha n'chiyani? Ndi kaundula. Ndinu nokha amene FIFA imakuzindikirani kuti mukanena kuti mwana uyu ndi wosewera wa ku Malawi, adabadwa chaka chakuti, adaphunzira mpira ku timu yakuti, mawu anuwo ndi omaliza. Ndinu nokha amene mumatulutsa chikalata cha ITC chololeza wosewera kuchoka m'manja mwanu kupita ku bungwe la dziko lina. Mphunzitsi, woyimbira, kalabu, onse amadziwika kudzera mwa inu. Kumudzi timati mfumu ndi amene amadziwa anthu ake, wobadwa, womwalira ndi wosamuka. Ufumu wanu mu mpira ndi womwewo. Ndipo osamuka ambiri a mudzi wanuwu ali kuno.

Njira ya ku Joni si ya lero. Agogo athu adaiyenda ndi Wenela ndi Theba kudzakumba golide, ena osabwereranso, n'kutchedwa matchona. Mpira udangotsata mapazi awo. Ngakhale nthawi ya tsankho, pamene South Africa idali itachotsedwa mu FIFA mu 1976, osewera athu ankawolokabe. Ernest Mtawali, amene kuno amamudziwa kuti Ernest Chirwali, adagwedeza dziko lino ali ku Bloemfontein Celtic ndi ku Mamelodi Sundowns, asanakafike mpaka ku Toulouse ku France. Jack Chamangwana adasewera ndi kuphunzitsa ku Kaizer Chiefs. Eni dziko atagwirizanitsa mabungwe awo amene adali ogawikana potsata khungu n'kupanga SAFA mu 1991, FIFA n'kuwalandiranso mu 1992, chipata chidatseguka kotheratu. John Maduka, Esau Kanyenda ku Jomo Cosmos, Patrick Mabedi amene adavala lamba wa kaputeni ku Chiefs n'kunyamula chikho cha ligi mu 2004 ndi mu 2005, Joseph Kamwendo ku Orlando Pirates, Robert Ng'ambi, Limbikani Mzava, mpaka Gabadinho Mhango amene mu 2020 adamaliza ligi ali pamwamba pa omwetsa zigoli ndi zigoli 16, mofanana ndi Peter Shalulile. Ndipo anzanga a Pirates ndimawakumbutsabe kuti mu 2004 Bakili Bullets idawatulutsa mu CAF Champions League.

Amenewa ndi amene adafika. Ine ndimakumana ndi amene sadafike.

Chaka china m'nyengo yozizira, mayi wina wa kutchalitchi kwathu adandiimbira foni kuti pa Park Station pali mnyamata wa kwathu amene wagona pamenepo masiku awiri. Ndidampeza atakhala pa chikwama, m'manja muli jumbo ya nsapato za mpira. Adali ndi zaka 19. Kwawo ankasewera timu ya ligi yaing'ono ya m'chigawo chapakati. Munthu wina wovala bwino adafika pabwalo lawo, adamuyamikira mwendo wake wamanzere, n'kuonetsa makolo ake kalata yokhala ndi chizindikiro cha kalabu ina ya kuno, yomuitana kudzayesedwa. Banja lidagulitsa njinga yamoto ya kabaza yomwe inkawadyetsa, n'kupereka ndalama kwa munthuyo kuti akonze ulendo, malo ogona ndi mapepala. Mnyamata adakwera basi, adadutsa Mwanza, Tete, Nyamapanda, Beitbridge, atauzidwa kuti akafika adzamchingamira. Atatsika, foni ya bwana uja idali yozima. Sidayakenso. Kalata ija nditaiona, ngakhale ine telala ndidazindikira kuti idapangidwa pa kompyuta ya pa kona.

Ndidamutenga kunyumba. Masiku 30 amene amatidindira mu pasipoti adatha. Kubwerera adakana, ati akawayang'ana bwanji amayi ake njinga itapita. Lero amatsuka magalimoto, ndipo akaona galimoto ya apolisi mtima umakhala m'mwamba poopa kukathera ku Lindela, komwe amasungira anthu opanda mapepala asanawabweze kwawo. Lamulungu lina amabwera kudzandithandiza ndi ana. Akaugwira mpira ndi mwendo wamanzere uja, ana onse amaima n'kumaonerera. Ine ndimayang'ana kumbali, chifukwa misozi imalengeza.

Si yekhayu. Aliyense amene wakhalitsa kuno, kaya ku Mayfair, ku Rosettenville, ku Diepsloot kapena ku Cosmo City, akhoza kukuuzani za mnyamata wotere. Chimene chimandiwawa n'chakuti malamulo otchinjiriza ana amenewa alipo kale. Kuyambira mu 2023 FIFA idalamula kuti ejenti aliyense azilemba mayeso ndi kukhala ndi laisensi. Lamulo lina limaletsa kusamutsira kunja mwana wosakwana zaka 18, kupatula pa zifukwa zochepa, monga ngati makolo ake asamuka pa nkhani zosakhudza mpira. Koma malamulowa ali m'Chingerezi, ali pa intaneti, pamene madobadoba amafika ndi miyendo pabwalo la fumbi n'kulankhula Chichewa chomveka bwino. Mayi wogulitsa mandasi ku Mponela angadziwe bwanji kuti munthu wa tayi uyu ndi wakuba? Safunsa adadya phula, inde, koma nanga akafuna kufunsa akafunse kuti? Ikani nambala imodzi ya foni, yodziwika ngati ya ambulansi, yoti kholo likalandira kalata yoitana mwana kunja liziyamba laimba. Munthu wa ku ofesi kwanu akhoza kufunsa kalabu ya kuno tsiku lomwelo ngati kalatayo ndi yoona. Maina a maejenti ovomerezeka awerengedwe pa wailesi, m'Chichewa, m'Chitumbuka ndi m'Chiyao, nthawi ya mapulogalamu a zamasewero pomwe dziko lonse limakhala likumvetsera. Zimenezi sizifuna bwalo latsopano kapena ndege. Zifuna munthu mmodzi wokhulupirika ndi foni yoyaka.

Kaundula yemweyu ndi ndalamanso, ndipo apa ndi pamene ndikufuna mukhalitsepo. Malamulo a FIFA amati wosewera akagulitsidwa kuchoka dziko lina kupita lina kontirakiti yake isanathe, 5 peresenti ya mtengo wake izigawidwa kwa matimu onse amene adamuphunzitsa kuyambira ali ndi zaka 12 mpaka 23. Pa zaka zinayi zoyambirira, chaka chilichonse chimabweretsa kota ya peresenti imodzi, ndipo kuyambira zaka 16 chimabweretsa theka la peresenti. Tiyerekeze kuti mnyamata wa ku Chilomoni wagulitsidwa ku Ulaya pa R20 miliyoni. Timu ya m'dera imene idamusunga kuyambira zaka 12 mpaka 15 iyenera kulandira R200,000. Taganizani mipira, majezi ndi nsapato zimene ndalama imeneyo ingagule ku Chilomoni. Palinso chipukuta misozi china cholipidwa kwa omuphunzitsa pamene wosewera wasaina kontirakiti yake yoyamba kunja. Kuyambira mu 2022 ndalama zoterezi zimadutsa ku FIFA Clearing House, ndipo kumeneko samva zoti "mwanayu tidamulera ndife, mudzi wonse ukudziwa". Amayang'ana zimene zidalembedwa mu kompyuta ya bungwe la dziko. Ngati dzina la mwana silidalowe m'kaundula ali ndi zaka 12, mphunzitsi amene ankamugulira chingwa ndi ndalama ya m'thumba mwake sadzaona ngakhale tambala.

Ndiye mukamalemba osewera, musalekezere pa matimu a ligi yaikulu ndi a m'zigawo. Tsikirani ku timu ya pasukulu ya pulayimale, ya pa tchalitchi, ya pa mzikiti, ya mabonanza a pa Khirisimasi. M'mera mpoyamba. Kulemba mwana msanga kumathetsanso matenda aja otichititsa manyazi, ochepetsa zaka, chifukwa amene adalembedwa ali mu Sitandade 5 sangadzabadwenso kachiwiri akafuna kulowa timu ya achisodzera. Ndalama zogwirira ntchitoyi zilipo. Kudzera mu ndondomeko ya FIFA Forward, bungwe la dziko lililonse likhoza kulandira mpaka madola 8 miliyoni pakati pa 2023 ndi 2026. Sindikunena kuti wina wadya. Ndikuti tiuzeni poyera, m'chilankhulo chathu, kuti mwa ndalama zimenezi zingati zafika kwa mwana wosakwana zaka 15, ndipo m'boma liti. Munthu amene akuyendetsa bwino zinthu sataya kanthu pounika nyale.

Tsopano ndibwerere kwa mnyamata wa "kwanu" uja ndi anzake. Ana amene ndimaphunzitsa ambiri adabadwira kuno. Chizulu ndi Chisutu amalankhula ngati madzi, Chichewa amachimva koma poyankha amachita manyazi. Kubadwira mu South Africa sikupatsa mwana unzika ngati makolo ake ndi obwera, ndipo makolo ambiri mapepala awo ndi osalongosoka. Mwana amasewera bwinobwino pa paki, koma ikafika nthawi yolowa ligi ya m'dera, komwe amafuna chiphaso chobadwira kuti amupatse khadi, ulendo umathera pomwepo. Kuno si wawo, kwathu sakumudziwa. Ndaona ana aluso akusiya mpira ali ndi zaka 14, osati chifukwa chovulala kapena ulesi, koma chifukwa palibe buku lililonse pa dziko lapansi limene muli dzina lawo ngati osewera. Ena amene makolo awo ali ndi mapepala abwino alowa m'maakademi a makalabu a kuno, ndipo akamakula maloto awo ndi jezi ya Bafana Bafana, poti ndi yokhayo imene idawayang'anapo.

Kumbukirani amene adatitulutsa ku Cameroon. Mu Januwale 2022, titagonjetsa Zimbabwe 2-1 ndi kulepherana ndi Senegal, tidafika koyamba mu ndime ya matimu 16. Gabadinho adaponya mzinga uja kuchokera kutali, dziko lonse lidaimirira, kuno tidakuwa mpaka aneba kutuluka m'nyumba. Morocco idabweza, kenaka Achraf Hakimi adatimaliza ndi firikiki. Hakimi adabadwira ku Madrid. Kutha kwa chaka chomwecho Morocco idafika mu semifainolo ya World Cup ndi osewera 14 mwa 26 obadwira kunja kwa dziko lawo. Anawo sadagwe kumwamba. Bungwe lawo lidawalondola ali aang'ono, lidacheza ndi makolo awo, lidawauza kuti kwanu kukukufunani. Ife nyumba ya malamulo idavomereza unzika wa maiko awiri mu 2018, ndipo malamulo a FIFA amalola mwana kusewerera dziko limene kholo kapena gogo wake adabadwira, bola akhale ndi unzika wake. Khomo ndi lotseguka. Chasowa ndi munthu woima pakhomopo n'kuitana ana ndi maina awo.

Sindikupempha ofesi ya magalasi ku Sandton. Kuno kuli akatswiri akale a Flames amene adakhazikika, odziwa makalabu, odziwa zilankhulo, olemekezeka kwa eni dziko. Sankhani mmodzi kapena awiri, muwapatse kalata yowazindikira ndi kaundula. Agwire ntchito limodzi ndi ofesi ya kazembe wathu ku Pretoria ndi ya kuno ku Johannesburg, kuti mwana akalembedwa ngati wosewera, makolo athandizidwenso njira yopezera chiphaso chobadwira ndi pasipoti ya Malawi. Kamodzi pa chaka, nthawi ya tchuthi, aphunzitsi a matimu a achisodzera abwere adzaone ana. Ndipo ife amene timaphunzitsa ndi chikondi chokha, tikonzereni maphunziro a ukochi a gawo loyamba ngakhale a sabata imodzi. Tidzalipira tokha. Timatumiza ndalama kumudzi mwezi ndi mwezi, timasonkherana ponyamula maliro kuchoka kuno mpaka ku Mzimba kapena ku Nsanje, sitingalephere kusonkherana za ana amoyo.

Za atsikana ndinene mwapadera, chifukwa m'timu yanga alimo asanu ndi mmodzi ndipo ndi amene safuna kujomba. Mu Okutobala 2023 tidadzaza minibasi kupita ku Lucas Moripe Stadium ku Atteridgeville kukaonera Scorchers, timu ya dziko lathu ya amayi, ikugonjetsa Zambia 2-1 n'kutenga chikho cha COSAFA koyamba. Chikho chimene abambo adachilephera kawiri chidabwera ndi amayi. Pobwerera, mtsikana wina amene sankafuna n'komwe kutchulidwa kuti ndi Mmalawi kusukulu adafunsa mayi ake kuti Rumphi ili kuti, chifukwa adamva kuti ndi kwawo kwa Temwa ndi Tabitha Chawinga. Temwa adapita ku Kansas City Current n'kumwetsa zigoli 20 mu ligi ya ku America mu 2024, n'kusankhidwa wosewera wopambana onse. Tabitha adatsogola pa zigoli ku Italy ali ku Inter, kenaka adapita ku France. Awiriwa adatulukira m'njira yaminga, nthawi imene mtsikana wosewera mpira ankanenedwa. Ndi angati ena onga iwo amene adathera pa chitsime chifukwa palibe adalemba dzina lawo? Kaundula amene ndikunenayu asakhale wa anyamata okha.

Chinanso, mwachidule. Ana anga amadziwa mbiri ya Chiefs ndi Pirates chifukwa amaiona pa TV tsiku ndi tsiku. Ya Flames amaimva pakamwa panga pokha, ndipo ine ndikukalamba. Ndikawauza kuti Kinnah Phiri adamwetsera dziko lake zigoli 71, amandifunsa kuti kanema wake ali kuti. Jack Chamangwana adatisiya mu 2018. Otsala a 1978, a 1984 ndi a 1988 tumizani anyamata ndi kamera akawajambule akadali ndi mphamvu zofotokoza, muike pa intaneti pomwe mwana wa ku Turffontein angapeze. Ndipo powajambulapo muonenso mmene akukhalira, chifukwa nkhani za akatswiri akale ovutika ndi matenda popanda wowayang'ana zimatifika kuno, ndipo anyamata amene akusewera lero amaziona.

Akuluakulu, Johannesburg mumadutsamo kawirikawiri. Likulu la COSAFA lili mumzinda uno, SAFA House ili ku Nasrec pafupi ndi FNB Stadium, mtsogoleri wa CAF bambo Patrice Motsepe kwawo ndi konkuno, ndipo maulendo ambiri a Flames amadzera pa OR Tambo. Ulendo wina mukadzabwera ku msonkhano, patulani Lamulungu limodzi masana. Kuchoka ku Nasrec kufika kwathu si patali. Mukadzafunsa Amalawi a ku Turffontein za telala wophunzitsa ana mpira adzakulozerani. Timayamba 2 koloko. Mipando tilibe, koma tidzabwereka ku tchalitchi, ndipo amayi adzaphika nsima ndi usipa wobwera pa basi. Ndidzakuonetsani mnyamata wa mwendo wamanzere uja, atsikana anga asanu ndi mmodzi, ndi uja adandifunsa za timu ya kwathu, amene tsopano watalika kundiposa ndipo amasewera kumbuyo. Maina awo onse, masiku awo obadwa ndi midzi ya makolo awo ndidalemba kale mu kope la sukulu. Mudzabwere ndi buku lanu tidzakopere.

Ine wanu mu mpira,

Telala wa ku Ndirande, wokhala ku Turffontein, Johannesburg